Chobisika Chili ndi Mwini Wake: Masewero a Geocaching ndi Malo Olemekezeka a ku Thyolo

     

M'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kubwera ku Thyolo muli mwala umene mwana aliyense wa kuno anamvapo dzina lake: Mwala wa Mthunzi. Akuluakulu amasimba kuti munthu wa paulendo akafika pamenepo ankaima, n'kutola kamwala kakang'ono, n'kuuzungulira mwala waukuluwo katatu akuugogoda, kuti ulendo wake uyere. Akatha kutero ankakasiya kamwalako pompo, pakuti m'mbuyo mwake munali wina amene adzakafune. Amasimbanso kuti okonza msewu anayesa kuusuntha mwalawo, koma kutacha anaupeza utabwerera pamalo pake. Wokhulupirira ndi wosakhulupirira angatsutsane za mbali yomalizayi mpaka dzuwa kulowa. Chimene onse awiri sangakane n'chakuti mwalawo wafikiridwa ndi anthu osawerengeka kwa mibadwo yambiri, ndipo udakalipo, chifukwa aliyense wofika ankadziwa chochita ndi chosachita.

Masiku ano pa dziko lapansi pafala masewero ena amene amatumanso anthu kukaima pa mwala, pa tsinde la mtengo kapena pakhomo la phanga, koma osawauza kuti malowo ndi a yani. Dzina lake ndi geocaching. Ambiri pabwalo lino akulimva koyamba, ndipo n'chifukwa chake n'koyenera kulikamba tsopano, mvula isanagwe, denga likadafolereka.

Chiyambi chake chili ku America. Foni yamakono imadziwa pamene mwini wake waima chifukwa imalandira mauthenga kuchokera ku masetilaiti a GPS amene amazungulira dziko. Kwa zaka zambiri boma la America linkasokoneza dala mauthengawo kuti anthu wamba asamalondoleredwe bwino, moti chipangizo chinkatha kuphonya malo ndi mamita pafupifupi 100. Pa 2 Meyi 2000, molamulidwa ndi Pulezidenti Bill Clinton, kusokonezako kunathetsedwa. M'mawa mwake, pa 3 Meyi, katswiri wina wa makompyuta, Dave Ulmer, anatenga chidebe chakuda n'kuikamo kabuku kolembamo mayina, mabuku, mavidiyo, legeni ndi chitini cha nyemba, n'kukachikwirira pang'ono m'tchire pafupi ndi Beavercreek, m'chigawo cha Oregon. Kenaka analengeza pa intaneti manambala osonyeza malowo. Lamulo lake linali lalifupi: wopeza atengepo kanthu, asiyepo kanthu, alembe dzina. Pasanathe masiku angapo chidebecho chinapezeka. Mu Sepitembala chaka chomwecho Jeremy Irish anatsegula tsamba la Geocaching.com lili ndi malo 75 okha. Lero timabokosi totere tapitirira mamiliyoni atatu, m'mayiko oposa 190, ndipo Malawi ali m'gulumo, ngakhale kuti take n'towerengeka.

Wina angafunse kuti munthu wamkulu, wandevu zake, angawononge bwanji tsiku lathunthu ndi ndalama zoyendera kufunafuna kabokosi kokhala ndi kabuku ndi tizidole. Funsolo likuyankhidwa ndi aliyense amene anakulira m'midzi ino. Mwana amene anasewerapo chibisalirano pa mwezi amadziwa kuti kukoma kwake sikuli mwa mnzake wobisalayo, amene amamuona tsiku lililonse, koma m'kamphindi komutulukira. Mayi wopita kokafuna bowa mvula itagwa amayenda maso ali pansi, ndipo mtima umadumpha akaona kachipewa koyera katatukula masamba. Mlenje wa uchi amatsata nsadzu ikuuluka mtengo ndi mtengo. Mbalameyo imamufikitsa pafupi, koma kuona mphako yeniyeni ndi ntchito ya maso ake. Foni ya wosewera geocaching ndiyo nsadzu yake. Imamutulutsa m'nyumba, imamukweza phiri limene sakanalikwera, imamuimika pa mlatho wakale umene akanangoudutsa pa galimoto. Makolo amayenda ndi ana awo, ndipo mwana amene sachoka pa foni amapezeka kuti foni yomweyo yamuyendetsa makilomita angapo. Aliyense wonyoza zimenezi sanaganize bwino. M'dziko limene achinyamata ambiri amadziwa mayina a osewera mpira a ku Manchester kuposa mayina a mitsinje ya kwawo, chinthu chowatuma kukaona dziko lawo ndi mapazi si chopepuka.

Koma walira mvula walira matope.

Matopewo amayambira pamene nsadzu yalekera. Foni imafikitsa munthu pa mtunda wa mamita ochepa kuchokera pa chobisikacho, n'kungoti wafika. Kuyambira pamenepo amafufuza ndi manja. Amatembenuza miyala, amapisa dzanja m'mphako, amakanganula makungwa, amapalasa masamba owola, amathyola nthambi zomutchinga. Munthu mmodzi akatero, tchire limadzichiza lokha mvula imodzi. Koma manambala a pa intaneti satuma munthu mmodzi. Amatuma wachiwiri, wachikhumi, wa 200, onse kuponda pamodzimodzi, mpaka pamene panali udzu pabadwa kanjira. Osewera enieniwo amakadziwa kanjira kameneka, ndipo amaseka kuti ndiko kamawulula chobisika foni isanalankhule. Pa chigwa kanjira n'kanjira basi. Pa malo otsetsereka kanjira ndi ngalande imene ikudikira madzi, ndipo anthu a ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 safunika kuwafotokozera za madzi otsika m'phiri lopanda chofunda.

Kunena chilungamo, amene anadula nkhalango ya phiri la Thyolo si osewera geocaching. Nkhwangwa, khasu ndi ng'anjo za makala zinamaliza ntchitoyo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ambiri ogwira nkhwangwazo anali anthu osowa polima. Nkhalango yachilengedwe imene inatsala ndi zigamba chabe, china mwa izo chili m'malo a esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay anaiyambitsa mu 1923. M'nkhalango ya phirili ndimo munachokera dzina la kambalame kotchedwa Thyolo alethe, kamene akatswiri anakalemba m'mabuku mu 1927 n'kukatcha choloensis, kutengera Cholo, monga atsamunda ankalembera dzina la boma lino. Kambalameka kamadya pansi, m'masamba ogwa, kakutsata linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa. Sikakhala m'munda wa tiyi kapena m'nkhalango ya bulugamu. Nkhalango ikakhala yaikulu, mapazi a alendo amasowamo. Ikatsala kachigamba, phazi lililonse limawerengedwa.

Tsono pali zigamba zina zimene zili nkhani yeniyeni ya lero. Munthu akaima pa chitunda n'kuyang'ana minda ya tiyi, yosalala ngati mphasa yobiriwira, amaona apo ndi apo kagulu ka mitengo yachilengedwe, ya mbawa, ya mkuyu, ya kachere, itaima yokha. Mlendo amaona mthunzi wabwino ndi malo okongola ojambulirapo chithunzi. Mwana wa m'mudzi amadziwa kuti nthawi zambiri kumeneko ndi kumsitu, kumene kunagona makolo. Mitengoyo inapulumuka chifukwa mwambo unaletsa nkhwangwa. Kumanda sikulowedwa popanda mfumu kudziwa, sikutoledwa nkhuni, sikupitidwa mongoyendayenda. Amene amatsegula njira ndi adzukulu, ndipo amatero pa chifukwa.

Masewero a geocaching ali ndi malamulo ake, ndipo ena ndi anzeru. Kabokosi sikaloledwanso kukwiriridwa, ngakhale kuti chidebe choyamba chija chinakwiriridwa. Timabokosi tiwiri tiyenera kutalikirana mamita 161. Wobisa ayenera kukhala ndi chilolezo cha mwini malo. Malo atsopano asanalengezedwe, munthu wodzipereka amayamba wawaunika. Koma wounikayo amaunika ali pa kompyuta, mwina ali dziko lina, akuyang'ana mapu ndi chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba. Pa chithunzipo manda a m'mudzi ndi kadontho kobiriwira kwambiri pakati pa zobiriwira pang'ono. Palibe mpanda, palibe chikwangwani, ndipo manda ambiri akale alibe chiliza cholembedwa dzina.

Ndiye chilolezo cha mwini malo n'cha yani? Funso limeneli ku Oregon lingakhale lophweka, koma ku Thyolo lili ndi mbiri yowawa. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka zikalata zotsimikizira azungu umwini wa malo aakulu m'mapiri a Shire, ndipo kampani ya British Central Africa, imene inatenga malo a Eugene Sharrer, inali ndi gawo lalikulu la boma lino. Amang'anja amene anapezeka pa malowo, ndi Alhomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, anakhala alendo pa nthaka imene ankalima, akulipira ndi thukuta la thangata mpaka 1962. Anthu amenewo anabadwira pa maesiteti, anafera pomwepo, anaikidwa pomwepo. Motero lero kuli malo amene chikalata chake chili mu ofesi ya kampani, koma mafupa ake ndi a m'mudzi. Mlendo wofuna kubisa kabokosi angathe kupempha kwa bwana wa esiteti, n'kuloledwa mwaulemu, n'kukhala kuti watsata lamulo lililonse la masewero ake, chonsecho sanafunse mwini weniweni.

Ndipo lamulo lija la Dave Ulmer, lotenga kanthu n'kusiya kanthu, likafika kumsitu limasanduka chinthu china. Pa mitumbira yambiri ya kuno pamakhala mbale, kapu kapena mphika wobooledwa, ziwiya za malemu zimene abale anazisiya dala. Pa tsinde la mtengo wa nsembe pangakhale kamphika, mikanda kapena kansengwa. Palibe china mwa zimenezi chimene chinatayika. Koma munthu amene wafika pamalopo mtima wake uli pa kupeza, amene wauzidwa ndi foni kuti pafupi pomwepo pali chinthu chomudikira, adzatukula mbaleyo kuti aone pansi pake. Sadzatero mwa chipongwe. Adzatero chifukwa masewero ake anamuphunzitsa kuti chobisika chilichonse chikuitana wochipeza, pamene mwambo wa kuno umaphunzitsa kuti chobisika chili ndi mwini wake. Chimodzimodzinso ku dambwe, kumene kuli Gule Wamkulu, ndi ku malo a chinamwali: malo amenewa mphamvu yake ili m'kusadziwika kwa osayenera.

Dziko lino linaonapo kale zimene zimachitika malo opatulika akadziwika popanda wowayang'anira. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za m'mapanga, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zina zokhudza chinamwali ndi Nyau. Bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. M'mapanga ena ofikika mosavuta, pambali pa zojambula za zaka mazanamazana, palembedwa mayina a anthu ndi makala ndi choko. Olembawo sanali adani a chikhalidwe. Anali ndi njala yomweyo imene ili mwa wosayina kabuku ka m'kabokosi, yofuna kusiya umboni wakuti anafikapo. Apa masewerowa angathe kudzitchinjiriza kuti kabuku n'kabwino kuposa khoma la phanga, ndipo n'zoona. Koma kabukuko kakabisidwa m'phanga momwemo, manja ofufuza adzakhudza khoma lomwelo.

Lamulo la dziko silinangokhala chete. Monuments and Relics Act ya 1990 imaletsa kukumba kapena kuchotsa zinthu zakale popanda chilolezo cha boma. Chifukwa chake si nsanje. Phale la mphika likakhala pamene linagwera, pansi pa dothi limene linalikwirira, limauza katswiri zaka zake ndi mtundu wa anthu amene analiumba. Likatoledwa n'kuikidwa m'thumba limangokhala phale. Komabe lamulo lili ku Lilongwe, ndipo mwala uli m'mudzi. Mlonda weniweni wa malo otere wakhala mfumu ndi anthu ake.

Mayiko ena anafika pa mphambano imeneyi kale, ndipo osewera okhaokha anathandiza kupeza njira. M'malo ambiri osungidwa ndi boma la America kabokosi sikaikidwa popanda chilolezo chapadera. Mu 2004, mogwirizana ndi bungwe la Geological Society of America, kunayambika mtundu wina wotchedwa EarthCache, umene ulibe kabokosi konse. Wosewera amafika pamalo, amaona mwala kapena mathithi, amayankha mafunso okhudza mmene malowo anapangikira, n'kubwerera wosatembenuza kanthu. Palinso chizolowezi chimene amachitcha Cache In Trash Out, choti wopita kokafufuza abwereko ndi thumba la zinyalala zimene watola m'njira. Ndipo mwini malo akadandaula, kabokosi kamachotsedwa m'kaundula. Zonsezi zikusonyeza kuti anthu a masewerowa ndi omva akauzidwa. Chovuta n'chakuti kudandaula kumabwera pambuyo, manambala atalowa kale m'mafoni a anthu ambiri, ndipo madzi akatayika saoleka.

Nkhaniyi yafika pa nthawi yake. Mu Julaye 2025 phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, linalowa nalonso m'kaundula wa UNESCO, makamaka chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa monga mokhala mizimu. Alendo opita kumeneko kuchokera ku Blantyre ambiri amadutsa m'boma lino, amaima kujambula minda ya tiyi, ena amagona m'nyumba za alendo za pa maesiteti. Kudutsa kwawo ndi dalitso kwa wogulitsa nthochi ndi mapeyala, kwa wa kabaza, kwa mnyamata wodziwa njira. Aliyense wa iwo ali ndi foni m'thumba, ndipo ngakhale amene sanamvepo za geocaching amatha kuika chithunzi pa Facebook chosonyeza malo enieni pamene anachijambulira. Kabokosi ndi mbali imodzi chabe ya chinthu chachikulu: malo amene kale ankadziwika pofunsa munthu, lero akudziwika pofunsa makina.

Kusiyana kwa njira ziwirizi n'kwakukulu. Mlendo wofunsa munthu amalandira njira pamodzi ndi mwambo wake. Womulozera amamuuza kuti apa avule chipewa, apo asaloze ndi chala, uko asapiteko. Ku Likhubula, wokwera phiri la Mulanje amatenga womulondolera, ndipo pofika pa Dziwe la Nkhalamba amakhala atamva kale nkhani yake. Makina amapereka njira yokha, yopanda mwambo.

Choncho ntchito imene ili pamaso pa mafumu ndi bungwe losunga chikhalidwe si yoletsa masewero, pakuti masewero amene amayenda pa intaneti saletseka ndi mfuu ya pabwalo. Ntchito yake ndi yosankha, alendo asanasankhe okha. Mudzi uliwonse ukudziwa malo amene ungakondwe kuti dziko liwaone: mathithi, mlatho wakale, tchalitchi choyamba, mtengo wa pabwalo pamene milandu inkaweruzidwa, chitunda choonekera chigwa cha Shire. Malo otere angalembedwe ndi achinyamata a m'mudzimo, amene mafoni amawadziwa kuposa makolo awo, atakhala pansi ndi agogo kuti nkhani ya malo alionse ilembedwe molondola. Ngati pafunika kabokosi, kaikidwe pamalo ouma, opondeka kale, pafupi ndi njira, mfumu ikudziwa, ndipo pakhale munthu wokayang'anira. Pa Mwala wa Mthunzi sipafunika kabokosi: funso limodzi lokhudza mwambo wake ndi lokwanira kuti mlendo atsimikize kuti anafika.

Mndandanda wachiwiri ndi wovutirapo, chifukwa ndi wa malo osayenera kulozedwa: manda, malo a nsembe, dambwe, ndi zigamba za nkhalango zimene zatsala. Pali msampha pamenepa. Kulemba manambala a malo amenewa kuti atetezedwe ndi kuwaulula komwe, pakuti pepala limajambulidwa ndipo foni imabedwa. Mndandanda umenewu ukhale m'mitu ya mafumu ndi adzukulu monga wakhalira, ndipo chimene chipite kwa mabwana a maesiteti ndi eni nyumba za alendo chikhale pempho limodzi lomveka: mlendo aliyense wofuna kubisa kapena kulengeza malo alionse kunja kwa minda ya tiyi ndi misewu yake atumizidwe kaye kwa mfumu ya mudzi woyandikana nawo. Akapitawo ndi alonda a pa esiteti, amene ambiri ndi ana a midzi yomweyi, ndiwo amakumana ndi alendo m'tinjira; iwowa auzidwe kuti ali ndi ufulu wobweza munthu mwaulemu.

Wotsala ndi mnyamata wa m'mudzi amene tsiku lina adzakumane ndi mlendo ataima m'mphepete mwa tiyi, foni ili m'manja, maso ali ku kagulu ka mitengo kaja, akulonjeza kangachepe kuti amuperekeze. Mnyamatayo adzakhala alibe sopo kunyumba, ndipo mlendoyo adzakhala munthu waulemu, womwetulira, wosafuna choipa. Mafumu ndi makolo ali pabwalo lino ali ndi miyezi, mwina zaka zochepa, zoti amuuziretu mnyamata ameneyo malo ena atatu kapena anayi okongola kumene angamutengere mlendoyo n'kulandira ndalama yake yomweyo, ndiponso dzina la mfumu kumene angamuperekeze ngati akakamira za mitengo ija.